Maphunziro a Masiku Atatu a ku Khalanipansi

Ku ufumu wa Mawatiyamba kuli lamulo limodzi lokha limene silinathyoledwepo chikhalire. Malamulo enawa anthu amathyola ngati nzimbe, koma ili ayi: chimene wamkulu watsegula, amatseka ndi iye yemweyo. Wina asayerekeze. N'chifukwa chake pa mtsinje wa Tiwolokeko pali mlatho umene unagumuka kalekale koma mpaka lero ndi wotsegula, poti nduna imene inadula riboni inamwalira isanabwere kudzautseka. Ngolo zimagwerapo mwalamulo.

Lamulo limeneli lili ndi mng'ono wake: palibe chimene chimayamba mlendo wolemekezeka asanafike. Ukwati umadikira. Mpira umadikira. Maliro amadikira mpaka adzukulu kutseka mphuno. Achikulire amati chaka china ngakhale mvula inachedwa ndi milungu itatu podikira nduna ya zaulimi.

Mfumu ya dzikoli, Nditameni Wachinayi, inali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi zitatu pamene inapita ulendo wa kutsidya kwa nyanja. Pobwerako sinavule n'komwe jekete. Inaitanitsa nduna zonse kubwalo la m'nyumba yachifumu.

"Ndaona ndi maso angawa," inatero. "Kunjaku mphunzitsi naye amaphunzitsidwa! Apulofesa a imvi mbuu atakhala pa mpando ngati ana a sitandade wani, akulemba zimene wina akunena. Nanga athu a ku Sukulu ya Ukachenjede ya Mutuwakula amatani tsiku lonse?"

A Kaphwiti, nduna ya zamaphunziro, anaimirira n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Amangophunzitsa, Mwinidziko."

Bwalo lonse linagwira pakamwa.

"Kungophunzitsa!" Mfumu inamenya ndodo pansi. "Ndiye muzidabwa kuti dziko lili m'mbuyo?"

Tsiku lomwelo chilengezo chinatuluka. Aphunzitsi onse makumi asanu ndi limodzi kudza atatu a ku Mutuwakula apite ku holo ya Khalanipansi akasulidwe kwa masiku atatu, Lolemba mpaka Lachitatu. Mutu wa maphunzirowo unali wakuti: "Mphunzitsi Wamakono Sasiyana ndi Ophunzira Ake." Pakhomo anaikapo asilikali anayi kuti wina asatuluke maphunziro asanatsekedwe.

Lolemba a Kaphwiti anafika masana, anthu atawadikira kuyambira m'mawa. Analankhula, anatsegula, anajambulitsa, anadya, anapita.

Lachiwiri kunyumba yachifumu Mfumu inali kufotokoza kachinayi nkhani ya ulendo wake wa kutsidya. Itafika pamene inakwera masitepe oyenda okha, a Kaphwiti anayasamula. Kamodzi kokha, ataphimba ndi chipewa. Koma Mfumu inaona. Dzuwa lisanalowe anali atachotsedwa unduna, dzina lawo litaletsedwa kutchulidwa m'dziko lonse, ndipo atalamulidwa kuti asadzatsegulenso kapena kutseka kanthu kalikonse, ngakhale botolo.

Lachitatu madzulo aphunzitsi anali atamanga zikwama. Pakati pawo panali Dokotala Namaseko, mayi wochepa thupi, wosakonda kuseka, wophunzitsa za matenda a ziweto. Anabwera ku maphunzirowo atavala jombo, poti Lachinayi lake anali ndi ophunzira khumi ndi anayi a chaka chomaliza amene ankadikira mayeso awo otsiriza, ogwira chiweto ndi manja n'kunena chimene chikudwala.

Anadikira mpaka tiyi kuzizira. Kenaka mayiyo anapita kutsogolo kwa a Dzoole, woyendetsa mwambo, munthu wa tayi yofiira amene ankayenda ndi pepala la ndondomeko ngati ndi Baibulo.

"A Dzoole, otitsekera aja sabwera. Anachotsedwa dzulo."

"Ndani, mayi?"

"A Ka..."

"Mayi!" A Dzoole anayang'ana kukhomo. "Muli ndi ana inu? Maphunzirowa anatsegulidwa ndi munthu amene kulibe. Tidikira mpaka adzakhaleko."

"Ndiye mawa titani?"

"Tikumbutsana zimene taphunzira lero."

"Nanga mkuja?"

"Tidzakumbutsana zimene tinakumbutsana mawa. Khalani pansi, mayi. Onse tiwawombere m'manja Dokotala chifukwa cha funso labwino."

Anawomba.

Masiku atatu aja anatha zaka ziwiri.

Musaganize kuti ankavutika. Teni koloko kunali tiyi wamkaka ndi mandasi. Masana nkhuku. Folo koloko tiyi wina. Pakatipo ankagawidwa m'magulu, gulu la Njovu, gulu la Ng'ona, gulu la Nungu, n'kumakambirana njira zisanu zokhalira pafupi ndi wophunzira. Zimene agwirizana ankalemba pa mapepala akuluakulu n'kumata pakhoma. Anamata pepala pamwamba pa pepala mpaka holoyo inachepa ndi mkono umodzi mbali iliyonse. Wina akayamba kusinza, a Dzoole ankawaimiritsa onse kuti agwedeze m'chiuno ndi kulemba mayina awo m'malere ndi chigongono. Anthu amene anawerenga mabuku odzaza ngolo!

Kanayi patsiku kaundula ankayenda mzere ndi mzere, aliyense n'kusayina kuti alipo. Pakutha pa mwezi aliyense ankalandira satifiketi yakuti wakhala nawo pa maphunziro, ndipo wokwanitsa khumi ndi ziwiri ankakwezedwa paudindo. Palibe nthawi ina imene dziko la Mawatiyamba linabala apulofesa ambiri chonchi. Wamkulu wa onse anali Pulofesa Chimbalanga, wa masamu, amene anasintha mathalauza katatu m'zaka ziwirizo. Dzanja lawo linazolowera kaundula moti linkasayina lokha eni ake ali m'tulo. Mphunzitsi wina anafika zaka zopuma pantchito ali momwemo. Anamuchitira phwando lotsanzikana, anamupatsa wotchi yapakhoma, n'kubwerera pa mpando wake ku gulu la Ng'ona.

Dokotala Namaseko yekha ndiye sananenepe. Tsiku ndi tsiku ankakweza mkono n'kufunsa za ophunzira ake. A Dzoole ankalemba funsolo pa pepala lapadera la mafunso odzayankhidwa pa tsiku lotseka.

Ku Mutuwakula ophunzira anadikira m'makalasi, kenaka pansi pa mitengo, kenaka kwawo. Ena anakwatiwa. Ena anayamba kabaza. Udzu unamera mpaka m'mawindo. Boma linalengeza pa wailesi kuti chiyambire maphunziro osula aphunzitsi palibe wophunzira ngakhale mmodzi amene walephera mayeso, ndipo zinali zoona.

Tsopano tiyeni kumsika wa Tsitsaniko, kumene nkhani za kunyumba yachifumu zimafika zitavula nsapato.

Pa mzere wa nsomba panali benchi la amake Edina, mayi wamasiye wogulitsa matemba, yemwenso anali mkulu wa amayi ovinira Mfumu ikamadutsa. Pambali pawo pankakhala mkulu wina wogulitsa mtedza wokazinga, wa jekete yabwino yong'ambika m'zigongono. Aliyense ankadziwa kuti ndi nduna yakale ija, koma poti dzina linaletsedwa ankangowatcha Aujeni. M'mawa uliwonse amake Edina ankawatsegulira chitini cha mtedza, madzulo n'kuwatsekera. Nyumba yawo Aujeni anaichotsa chitseko kuti asalakwe.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Novembala Edina, mmodzi wa ophunzira khumi ndi anayi aja, anafika pa benchipo ndi kalata m'manja. Kalatayo inkati wophunzira aliyense wokwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri pasukulu osamaliza adzafufutidwa pa 30 Novembala, ndipo zonse zimene anaphunzira zidzatengedwa ngati sanaphunzire.

"Werenga bwino, mwanawe. Mwina walumpha mzere."

"Ndawerenga kanayi, amayi. Akuti tachedwa dala."

"Dala? Ng'ombe ya malemu bambo ako ndinagulitsira dala ameneyu?"

A Twaibu, ogulitsa mbuzi, anasuzumira kuchokera pa khola lawo. "Bwera uzindithandiza kusenda, Edina. Mbuzi yakufa siifunsa digiri."

"Inu a Twaibu, tsekani pakamwa, ntchentche zingalowe," anatero amake Edina. Anapukuta manja pa chitenje, anamanga duku bwino. "Aujeni, mundionere matembawa. Ndikupita kwa eni dziko."

"Mukayasamuliretu pano," anatero Aujeni.

Kubwalo anawalola kulowa chifukwa Mfumu inkawadziwa ngati mayi wa nthungululu yaitali. Anagwada, anawomba m'manja, anafotokoza zonse: mwana, ng'ombe, mayeso a tsiku limodzi, mphunzitsi amene watsekeredwa ku Khalanipansi.

"Sanatsekeredwe," inatero nduna yatsopano ya zamaphunziro. "Anatsegulidwira. Ndi zosiyana zimenezo."

Nduna zinakambirana mpaka masana. Ya zamalamulo inati apeze munthu wina amupatse dzina la wotsegula uja kuti akatseke, koma itafunsidwa kuti dzina liti, inakhala pansi. Ya zanyengo inati alengeze kuti mkati mwa holomo Lachitatu silinafike, likadali Lachiwiri, choncho palibe amene wachedwa. Ya zachitetezo inati amange mayiyo.

Mfumu inakweza ndodo. "Nonsenu simukuona gwero lake. Anthu ophunzira makumi asanu ndi limodzi kudza atatu akulephera kutuluka m'nyumba imodzi. Zikutanthauza chiyani? Sanasulidwe pa katsekedwe ka maphunziro! Tiwakonzera maphunziro ena a masiku atatu, mu holo yomweyo, mkati mwa oyamba aja. Ndikatsegula ndekha. Pa 30 Novembala, eyiti koloko m'mawa."

Nduna zinawomba m'manja mpaka zikhatho kutentha.

"Nanga mwana wanga, Mwinidziko?"

"Ana a mwana wako adzaphunzitsidwa ndi aphunzitsi osulidwa kawiri. Ukufunanso chiyani? Pita ukakonze nyimbo. Tsiku limenelo ndikufuna fumbi."

Amake Edina anabwerera kumsika. Anakhala pa benchi n'kumaunjika matemba amene anali ounjika kale. Atafotokoza, a Twaibu sanaseke. Edina anapinda kalata ija pang'onopang'ono mpaka inakhala ngati kambewu ka dzungu.

Aujeni anatafuna mtedza umodzi wa malonda awo omwe. Kenaka anati, "Ine ndakhala mlendo wolemekezeka zaka makumi awiri. Mukudziwa chimene chimachitika mlendo asanafike?"

"Timapsa ndi dzuwa," anatero amake Edina.

"Palibe chimachitika, mayi. Ndiye nkhani yake. Ndondomeko yakale amaimika kuti akonze mipando. Yatsopano siingayambe mwini wake asanafike. Nthawi imeneyo ilibe mwini. M'dziko lonse lino ndi nthawi yokhayo imene munthu angachite chanzeru popanda womuletsa."

Edina anadzutsa mutu. "Mfumu imachedwa maola angati?"

"Payokha, atatu."

"Sakwana. Tilipo khumi ndi anayi. Dokotala safulumira. Pafunika asanu ndi awiri, mwinanso asanu ndi atatu."

"Mwana wanga," anatero Aujeni, "Mfumu imeneyi siingadutse amayi ovina osatsika m'galimoto kuti ilankhule. Siingathe. Ndi matenda. Ndipo wina akangoifunsa za ulendo wa kutsidya..." Apa chibwano chawo chinayamba kutsika chokha, ndipo anachigwira ndi manja awiri.

Amake Edina anatembenukira a Twaibu. "Papsa tonola," anatero. "A Twaibu, muli ndi mbuzi zingati zodwala?"

"Ine? Mbuzi zanga zonse ndi zathanzi, mayi. Funsani aliyense."

"Sindikugula. Ndikubwereka."

"Ooh. Zisanu ndi zinayi."

Uthenga unalowa ku Khalanipansi pansi pa dengu la matemba opita kukhitchini. Yankho la Dokotala Namaseko linatuluka m'dengu lomwelo, lolembedwa kuseri kwa satifiketi: "Bweretsani ziweto khumi ndi zinayi zodwala matenda osiyana. Ana awerenge, sindikhozetsa munthu chifukwa cha chisoni. Pepala la zotsatira limafuna sayini ya pulofesa pambali pa yanga. Zimenezo mundisiyire."

Kwa milungu itatu msika wa Tsitsaniko unasanduka wachilendo. Anthu ankayenda m'midzi kufunsa amene ali ndi nkhuku yosinza, nkhosa yotsimphina, thole la nkhupakupa. A Twaibu anati chiyambire malonda awo sanaonepo anthu akulimbirana mbuzi yotsegula m'mimba.

Pa 30 Novembala, dzuwa litangotuluka, achinyamata khumi ndi anayi anafika pa khomo la holo atavala nsalu za nkhope ya Mfumu, aliyense akukoka kapena kunyamula chiweto chake.

"Izi n'zotani?" anafunsa mkulu wa asilikali.

"Mphatso za Mwinidziko, bwana," anatero Edina.

Msilikaliyo anayang'ana nkhosa imene inkatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Anaganiza za ntchito yake, anaganiza za Aujeni. Ndani angabweze mphatso ya Mfumu? Anapatuka.

Mkati a Dzoole anali ataimika kale maphunziro oyamba aja kuti mipando iyang'ane kukhomo. Eyiti koloko itakwana onse anakhala pansi kudikira. Dokotala Namaseko anatulutsa jombo zake pansi pa tebulo, anakutumula fumbi la zaka ziwiri, anavala. Anaitana dzina loyamba.

Pasanapite nthawi a Dzoole anafika akuthamanga, tayi ili paphewa.

"Mayi, mukutani?"

"Ndikudikira mlendo wolemekezeka."

"Nanga dzanja la mnyamatayu likutani kumbuyo kwa mbuziyo?"

"Nalonso likudikira."

"Izi sizili pa ndondomeko!"

"Ndionetseni pamene palembedwa kadikiridwe kake. Mukapapeza ndisiya."

A Dzoole anatembenuza pepala lawo kutsogolo ndi kumbuyo. Panangolembedwa kuti: "Eyiti koloko: onse akhale atafika. Kufika kwa Mlendo Wolemekezeka." Pakati pa mizere iwiriyo panalibe kanthu. Anapita kukaima pawindo, kupempherera kuti Mfumu ifulumire.

Kuchokera kunyumba yachifumu kufika ku Khalanipansi ndi mtunda woti nkhalamba imayenda kwa theka la ola. Mdipiti wa galimoto za Mfumu unanyamuka leveni koloko. Pa mphambano yoyamba unapeza amayi makumi anayi atatseka msewu, ng'oma zikulira, fumbi koboo. Mfumu inatsika, inavina pang'ono ndi ndodo, inalankhula ola lathunthu. Pa chigayo panali gulu lina. Inatsika. Pa mjigo, gulu lina. Inatsika.

Amayi onse ovina mumsika wa Tsitsaniko sapitirira makumi asanu ndi atatu. Choncho Mfumu ikangokwera galimoto, gulu limene lamaliza linkathamanga kuseri kwa nyumba, kudutsa m'minda, kusintha maduku, n'kukakhala gulu latsopano kutsogolo. Pa malo achinayi Mfumu inayang'anitsitsa amake Edina, amene thukuta linali kuyenderera mpaka m'zigongono.

"Mayi iwe, sindinakuone pa mphambano paja?"

"Ndi mng'ono wanga uja, Mwinidziko. Banja lathu lonse limakukondani."

"Mwamva?" Mfumu inatembenukira nduna zake. "Inu mumandiuza kuti anthu akudandaula."

Mu holo mayeso ankayenda. Aphunzitsi ena anakoka mipando n'kuyandikira, poyamba ngati oonera ndewu. Mmodzi wa zomangamanga anaiwala tiyi wake mpaka kuzizira, ndipo anamveka akufunsa mnzake kuti, "Kodi ife tinkachita zoterezi?" Dokotala Namaseko sanayang'ane aliyense. Anafunsa, anadikira, analemba. Analepheretsa anyamata awiri pamaso pa anthu onse, wina chifukwa chonena kuti nkhuku ya chitopa yangotopa.

Pakati pa mayeso anapita kwa Pulofesa Chimbalanga ndi pepala la zotsatira.

"Apulofesa, mudzandisayinire apa tikamaliza."

"Mayi Namaseko, ine za kunja kwa ndondomeko ayi. Zanditsalira satifiketi ziwiri kuti ndikhale mkulu wa sukulu yonse. Musandiikire mchenga m'chakudya."

"Sukulu yake iti, apulofesa? Munamera udzu."

"Udzu suvuta kuulamulira," anatero apulofesa, n'kutseka maso.

Pa malo achisanu, pa mtengo wa kachere woonekera kuholo, nyimbo zinatha. Mawu anasasa. Woimba ng'oma wina anali atagona chagada m'ngalande. Mapazi a amake Edina anali atatupa ngati zigumu. Nthawi inali itangopitirira thili koloko, ndipo uthenga unabwera kuti kwatsala ana awiri, womaliza ndi Edina, poti dzina la bambo ake, Zingani, lili kumapeto kwa mndandanda.

Mfumu inali itaika kale phazi limodzi m'galimoto. Amake Edina anagwada pa phula lotentha.

"Mwinidziko, pepani. Ife amayi akumsika timangomva mphekesera. Akuti kutsidya kuja munakwera masitepe oyenda okha. Ndi zoona?"

Nduna zonse zinatsinzina nthawi imodzi. Ya zamalamulo inaluma tsaya lake mkati. Mfumu inabweza phazi lija.

"Khalani pansi, ana anga," inatero. "Ndiyambire pa bwalo la ndege."

Folo koloko itatsala pang'ono, malipenga a mdipiti anamveka pa geti. Edina anali atagwada pambali pa mbuzi yomaliza, yowonda nthiti kuwerengeka koma mimba ili tuu.

"Ikudwala chiyani?" anafunsa Dokotala Namaseko.

"Njoka za m'mimba, Dokotala."

Dokotala sanalembe kanthu. Anangomuyang'ana. Kunja zitseko za galimoto zinayamba kumenyeka. A Dzoole ankakuwa kuti onse aimirire, mbuzi zibisidwe kuseri kwa maluwa.

Edina anayang'ananso mbuziyo. Anatsitsa chikope cha mbuziyo: mkati munali mofiira bwino, osati moyera ngati mwa chiweto chimene njoka zachimwa magazi. Anapapasa pansi pa chibwano, panalibe chotupa. Anakanikiza chibakera kumanzere kwa mimba, pang'onopang'ono, kawiri.

"Ndinalakwa, Dokotala. Si njoka. Yadya majumbo."

"Wadziwa bwanji?"

"Magazi ili nawo. M'mimbamu muli chinthu cholimba ngati mtolo wa nsanza, chosasuntha. Ndipo ndi mbuzi ya mumsika wa Tsitsaniko. Ndinakulira momwemo, ndimadziwa zimene zimadya."

"Uichita chiyani?"

"Kung'amba n'kuchotsa. Mankhwala apa n'kutaya."

Dokotala Namaseko analemba mawu amodzi n'kusayina. Ndipo poti inali folo koloko yeniyeni, nthawi ya kaundula wachinayi, anangopereka pepalalo kwa munthu woyamba pa mzere wakutsogolo, pamodzi ndi cholembera.

Munthuyo anali Pulofesa Chimbalanga. Anali ataimirira kulandira Mfumu, maso ali kukhomo, tulo tisanathe bwino. Dzanja linamva pepala, linamva cholembera, linachita zimene linasulidwa kuchita kwa zaka ziwiri. Linasayina n'kupatsira mnzawo. Mnzawoyo anasayina n'kupatsira wina. Pamene nyimbo ya fuko inkatha, pepala la zotsatira za ana khumi ndi anayi linali ndi masayini makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mphepete. Chikhalire Mawatiyamba palibe zotsatira zimene zinavomerezedwa ndi anthu ophunzira ochuluka chotero. Wofuna kuzitsutsa akanayenera kutsutsa sukulu yonse.

Mfumu inalowa ikumwetulira, fumbi lili m'nsidze. Inaima poona mphatso zake. Nkhosa ija inatsokomola.

"Zaonda bwanji mbuzizi?"

A Dzoole anayang'ana pa pepala lawo la ndondomeko.

"Zadikira nthawi yaitali, Mwinidziko," anatero Dokotala Namaseko.

Mfumu inagwedeza mutu mokhutira. Inakwera pa nsanja, inalankhula maola awiri, inatsegula maphunziro a katsekedwe ka maphunziro. Pa Lachitatu lake lotseka inali itanyamuka ulendo wina, ndipo pobwerako inali itaiwala. Palibe nduna imene inalimba mtima kuikumbutsa.

Pepala lija linatuluka m'dengu la matemba. Edina anathamanga nalo mpaka ku ofesi ya kaundula wa sukulu, poti faifi koloko inali itadutsa. Anapeza chitseko chili pululu. Mkulu wa ofesiyo, amene anaitsegula m'mawa, anali ku Khalanipansi kuwombera m'manja, ndipo kalaliki sakanatha kutseka chimene sanatsegule. Anadinda pepalalo akung'ung'udza.

Lero Edina ali ndi kachipinda kuseri kwa khola la a Twaibu, kumene amang'amba mbuzi n'kuchotsa majumbo. A Twaibu amamutcha Dokotala pamaso pa makasitomala, akachoka amamutcha "iwe mwana wa matemba". Aujeni akugulitsabe mtedza, ndipo m'mawa uliwonse amadikirabe wowatsegulira chitini.

Dokotala Namaseko sanatuluke. Ali momwemo, mu jombo zake. Koma mwezi uliwonse amalemba kalata yaulemu yopita kunyumba yachifumu, kupempha maphunziro ena osula aphunzitsi, ndi kudandaulira Mwinidziko kuti adzatsegule okha. Aphunzitsi ena asanu ndi awiri ayamba kusayina nawo makalatawo ali maso. Pakali pano mu holo ya Khalanipansi muli maphunziro khumi ndi amodzi, ena mkati mwa anzawo ngati anyezi, onse otsegula, palibe ndi amodzi omwe otsekedwa. Alendo ochokera kutsidya anabwera kudzaona, analemba kuti padziko lonse palibe aphunzitsi a ludzu la kusulidwa ngati a ku Mawatiyamba, ndipo anaiveka Mfumu mendulo. Pulofesa Chimbalanga ndi mkulu wa sukulu tsopano. Akuti udzu ukuwamvera.

Amake Edina madzulo aliwonse amaviika mapazi m'beseni la madzi amchere, pomwepo pa benchi. Mwana wawo anamaliza, koma ana a anzawo sanamalize, ndipo mumsika mulibe mayi wina wa nthungululu yaitali ngati yawo. Mfumu imauza aliyense kuti anthu ake sanaikondepo ngati masiku ano, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo amayi akumsika amaipempherera moyo wautali mochokera pansi pa mtima.

Choncho mukadzadutsa ku Mawatiyamba n'kumva ng'oma pa msewu wa ku Khalanipansi, fumbi lili koboo, amayi akuvina mpaka kugwa, musadzati anthu akusangalala. Yendani mwakachetechete. Ana akulemba mayeso.